Ngongole ya Belu

Mtsikanayo anafika Lachitatu m'mawa, mvula itangokata. Anapinda ambulera yake yofiira pakhomo, kuigwedeza kawiri, n'kulowa m'sitolo ya magalasi a maso ngati munthu amene wabwerera kudzatenga chinthu chake. Mafelemu amene anali ndandanda m'makoma sanawayang'ane n'komwe. Anakakhala pa mpando wakumapeto, uja wogwedera mwendo umodzi umene makasitomala onse ankaupewa, nayika kachikwama pamiyendo, manja onse awiri pamwamba pake.

"Tikuthandizeni chiyani, mayi?" anafunsa amayi a pa kauntala.

"Ndikudikira achimwene odula magalasi."

"Lisiti muli nalo?"

"Ayi. Iwowo anandilonjeza."

Amayi a pa kauntala anatsitsa magalasi awo pamphuno, kumuyang'ana mtsikanayo kuyambira kutsitsi mpaka kunsapato, kenako anasuzumira m'chipinda cha makina. "Mzime, tazimitsa chiphokoso chakocho. Kwabwera munthu amene unamulonjeza. Uzitiuza zinthuzi nthawi ilipo, nafenso tisoketse madiresi."

Mzime sanaseke. Dzinali anam'patsa ndi achemwali ake, poti kwawo iye ndiye anabadwa komaliza, ndipo linam'tsatira kusukulu mpaka kuntchito. Masiku ena nthabwala yotere akanaibweza ndi inzake. Koma chiyambire Lamulungu, nthabwala zinali zitamuthera.

Nkhani yake inali yotere. Achemwali ake, amene anamulera bambo awo atamwalira ndipo ankamusungabe m'nyumba mwawo, anali ndi khadi la ngongole la ku banki. Anam'tengeranso iye lachiwiri pa akaunti yomweyo, la ntchito imodzi yokha: kugulira amayi awo mankhwala a shuga, poti sitolo ya mankhwala inali pafupi ndi kuntchito kwake. Loweruka lapitalo Mzime analandira kalata yomuitanira ku ukwati wa mtsikana amene anakhala naye pachibwenzi zaka ziwiri. Anzake awiri anati tiye ukatsuke mtima. Iye ankakumbuka botolo loyamba, lachiwiri, ndi nyimbo ina yake yachisoni. Kenako zii. Anadzuka Lamulungu masana nsapato zili kuphazi, khadi mulibe m'chikwama, ndipo pa foni ya achemwali panali uthenga wa ku banki wonena ndalama zofanana ndi malipiro ake a miyezi isanu ndi iwiri.

"Mzime, ichi n'chiyani?" achemwali anafunsa tsiku limenelo ataima pakhomo la chipinda chake, foni ili m'manja.

Bodza linatuluka lokha asanaliganize. Anati anangolowa m'bala kuperekeza anzake, anagula zoziziritsa kukhosi ziwiri, mtsikana woperekera zakumwa ankamuyang'ana zala polemba nambala yachinsinsi, ndipo khadi silinabwerere. Lolemba anakadzaza fomu ku banki. Pamene panafunsidwa munthu amene akumukayikira, anakopera dzina limene linali pansi pa kalisiti kofwanyika kamene anakapeza m'thumba la thalauza. Kunatsala chinthu chimodzi basi: Lachisanu achemwali, monga eni akaunti, akasaine, kuti banki ifufute ngongoleyo n'kukalanda ndalamazo kwa eni bala.

Tsono anatuluka akupukuta manja pa epuloni. Mlendoyo sanamudziwe. Inali nkhope yoti munthu sangaiiwale, yowonda, ya kachipsera kakang'ono kodula nsidze yakumanja, koma m'mutu mwake simunabwere kanthu.

"Munati mudzandiyeza maso ulere," anatero mtsikanayo.

"Ine?"

"Inu nomwe. Munalonjeza anthu ambiri, koma ndaona kuti wabwera ndine ndekha."

Adokotala a maso ankafika masana, choncho kuyeza koyamba ankachita ndi Mzime. Anamulowetsa m'kachipinda kopanda windo, kumukhazika pa mpando wautali, kuzimitsa getsi. Kunatsala kuwala kwa bolodi la zilembo lokha.

"Tsekani diso lakumanzere. Werengani kuyambira pamwamba."

Mtsikanayo anawerenga mzere woyamba, wachiwiri, mpaka wapansi penipeni wa tizilembo tonga nyerere, osapunthwa pena paliponse. Diso linalo chimodzimodzi.

"Maso anu alibe vuto lililonse, mayi."

"Ndikudziwa. Munandiuza kale Loweruka. Munati maso ngati awa kuwabisa kuseri kwa galasi ndi mlandu wofunika apolisi. Sindinadziwe kuti za apolisizo mumanenetsa."

Mtsikanayo anatsegula kachikwama, natulutsa kanthu kokulungidwa m'kapepala kopukutira pakamwa, nakafunyulula pang'onopang'ono. Linali khadi lija, likunyezimira m'kuwala kwa bolodi.

"Ndiye munabadi," anatero Mzime, mawu akutuluka ngati a munthu wina.

"Takhalani pansi, achimwene." Anadikira mpaka iye atakhala pa kampando ka matayala. "M'bala mwathu muja muli belu pamwamba pa kauntala. Munthu akaliza belulo ndiye kuti wagulira aliyense amene ali m'nyumbamo. Zinalembedwa pakhoma, zilembo zake zazikulu ngati za pamwamba pa bolodi lanuli."

"Ndinaliza?"

"Kanayi."

"Ayi, mayi. Ine ayi."

"Koyamba munakwera pampando, kuwerengera anthu kalata ya ukwati, mpaka mtundu wa zovala za operekeza. Anthu anakuomberani m'manja. Kachiwiri munati aliyense amene anasiyidwapo amwe, ndiye kunapezeka kuti aliyense anasiyidwapo. Pofika kachitatu anthu anali ataimbira anzawo a m'mabala ena, mpaka madalaivala a matakisi anazimitsa galimoto n'kulowa. Nambala yachinsinsi munkalemba nokha, mukuitchula mokweza. Mutaliza kachinayi munandigwira dzanja, munati, 'Chemwali, bisani chinthu ichi, ngakhale ndilire musandipatse.' Ndipo munaliradi. Sindinakupatseni. Takisi ndinakulipirirani ndine, ndi ndalama zimene anthu anandipatsa zondithokoza."

Mzime anayang'ana khadilo. Ankafuna kwambiri kuti zikhale zabodza. Koma mawu aja, ngakhale ndilire musandipatse, anali ake enieni. Ankawamva m'kamwa mwake.

"Ndimati ndikubweretsereni Lolemba ndikaweruka," mtsikanayo anapitiriza. "Lolemba lomwelo a banki anaimbira abwana, iwo n'kundiimitsa kaye ntchito. Ndiye pali chinanso. Dzina munalemba pa fomu lija si langa."

"Linali pa lisiti."

"Abwana athu sagula mabaji atsopano. Wina akasiya ntchito, baji yake ndi dzina lake la m'makina zimapita kwa wobwera pambuyo. Ine ndimavala dzina la mayi wina amene anachoka chaka chatha ali woyembekezera. Dzulo anthu a banki anam'peza kunyumba kwake akusambitsa mwana. Anandiimbira akulira. Sananditchule, koma sangapirire mpaka kale, ali ndi banja."

"Nanga bwanji osangonena zoona? Kamera ilipo, si choncho?"

"Kamera ija ndi yoopsezera chabe, inafa kalekale. Pali mawu anu ndi mawu anga. Inu muli ndi epuloni yoyera ndi achemwali a akaunti. Ine ndili ndi thireyi." Anapumira m'mwamba. "Masana ndimaphunzira uphunzitsi. Kwatsala miyezi inayi. Bambo anga amadziwa kuti usiku ndimagwira ntchito m'sitolo ya buledi. Dzina langa likangolowa m'buku la apolisi, palibe sukulu imene idzandipatse choko."

"Dzina lanulo ndani?"

Mtsikanayo anamuyang'ana nthawi yaitali mumdimamo. "Kuti mukalilembenso pa fomu?"

Mzime anangopezeka wanena kuti achemwali akasaina Lachisanu, teni koloko. Mtsikanayo anaimirira, nayika khadi pa katebulo ka magalasi oyezera.

"Khadi lanu ndalisunga mokwanira. Lachisanu ndidzakhalapo. Sindidzalankhula kanthu, musaope. Ndikungofuna kudzaona mmene anthu amasainira zinthu zotere."

Atatuluka, amayi a pa kauntala anafunsa mokweza, "Nanga apongozi athu aja ali ndi vuto lanji la maso?"

"Alibe," anayankha Mzime.

"Ndiye atha kuona kuti ndiwe wosauka. Pepa mwana wanga."

Lachinayi Mzime anadzuka ndi nzeru imodzi: akapeza ndalamazo yekha, n'kuzibweza mwakachetechete, akanauza achemwali kuti banki yakonza zonse, fomu n'kuiwalika. Anayamba ndi adokotala, amene tsikulo anafika m'mawa. Anawapeza akupukuta galasi ndi kansalu kachikasu, ndipo anamvetsera osasiya kupukuta.

"Ukuti malipiro a miyezi ingati?"

"Isanu ndi iwiri, adokotala."

"Isanu ndi iwiri! Mzime, kodi wagunda munthu ndi galimoto?"

"Ndi nkhani ya kunyumba."

"Makina odulira aja sindinamalize kulipira. Ndingakukongoze theka la mwezi, ndipo usawauze amayi a pa kauntala, andidya wamoyo." Anayang'ana galasilo pa getsi. "Komanso magalasi a agogo a dzulo aja wasinthanitsa, lakumanja waika kumanzere. Ukawakonze."

Anaimbira anzake aja. Woyamba foni inali yozimitsa. Wachiwiri anaseka mpaka kutsokomola. "Aise, iwe unali mfumu! Anthu akukufunsabe. Ine ndinachoka pa belu lachiwiri, mkazi wanga amaimba. Ndalama? Iii, mwezi uno ndiye wandikhalira pakhosi, ukanandiuza sabata yatha."

Pa nthawi ya nkhomaliro anakwera basi kupita kubala kuja. Masana malowo anali ngati munthu wodwala amene am'vula zovala. Mipando inali yozondoka pamatebulo, pansi pomata nsapato, fungo la mowa wadzulo lili guu. Belu lija analiona nthawi yomweyo, ndipo chinam'pweteka n'chakuti linali laling'ono kwambiri, kabelu kamkuwa kosaposa kapu ya tiyi, kachingwe kake kakuda ndi manja a anthu.

Mwini bala, bambo wamimba wa pensulo kukhutu, ankasanja makireti kuseri kwa kauntala. Atamuona anatambasula manja. "Eee, bwana wa belu! Mwabwera kudzaliza lachisanu?"

"Ndabwera kudzapempha, bambo. Mwina mungabweze ngakhale theka. Ndinali nditaledzera, simunayenera kundilola."

"Ndiye ndikawasonkhanitse anthu makumi asanu aja asanze? Achimwene, ine ndimagulitsa mowa, sindilera ana." Anatsitsa kireti pansi. "Kwa ine n'chimodzimodzi. Mukalipira inu, mtsikana abwerera pantchito Loweruka. Banki ikandilanda, ine ndim'pereka kwa apolisi, azikafotokoza yekha kumeneko. Bala langa silingatchuke ndi kuba."

"Koma mukudziwa kuti sanabe."

"Ine ndinali kuseri, ndimasintha migolo. Amene akudziwa ndi inu." Anamwetulira. "Kapena nanunso munali kuseri?"

Mzime anatembenuka kuti azipita, koma pakhomo anaima. "Dzina lake ndani?"

"Ndani, mtsikanayo? Timangoti Seveni, poti amaperekera kuyambira tebulo la nambala seveni. Ine ndimalipira baji, achimwene. Amene waivala ndi nkhani yake."

Pobwerera anakhala kumpando wakumbuyo kwa basi, khadi lili m'thumba la malaya, likumuotcha pachifuwa. Anawerengera pa zala. Theka la mwezi la adokotala, foni yake atagulitsa, nsapato za ukwati zimene anagula kale akuganiza kuti mkwati adzakhala iye. Zonse pamodzi sizinafike ngakhale pa belu loyamba. Ndipo pakati pa kuwerengako, nkhope ya kachipsera ija inkangobwera yokha, ikuwerenga tizilembo mumdima. Munthu amene anamukaniza khadi iye akulira, n'kumukweza takisi ndi ndalama zake. M'moyo wake wonse, kupatula achemwali, palibe anam'chitirapo zotero.

Kunyumba anapeza achemwali ayala bulangete patebulo, akusita. Amayi anali pa mpando wawo pafupi ndi windo, mapazi otupa ali pa kapilo. Alamu ake, amuna a achemwali, ankakonza chogwirira cha ketulo ndi mpeni.

"Wafika, Mzime? Vula malayawo ndichapiretu kolala, mawa uvale omwewo. Ku banki munthu sapita ngati wothawa kwawo."

Mzime analowa kuchipinda, kutulutsa khadi m'thumba, kulilowetsa m'sokosi, n'kubwera ndi malaya m'manja.

"Mankhwala a amayi ndagula a sabata imodzi yokha," achemwali anatero. "Makhadi onse awiri awatseka mpaka nkhaniyi ithe. Koma mawa zitha. Ndikufuna ndidzamuone mtsikana ameneyo ali m'manja mwa apolisi. Kuba ndalama za mankhwala a munthu wodwala! Alibe mayi ake iyeyo?"

"Alamu," anatero alamu ake osadzutsa mutu, "ine chimene ndikufuna mundiuze ndi dzina la choziziritsa kukhosi chija. Chogonetsa munthu ndi nsapato mpaka Lamulungu masana. Ndikagule kireti, ine tulo timandivuta."

"Inu bambo a m'nyumba, musayambe," achemwali anaimika simbi mwamphamvu. "Mwina anamuthirira mankhwala m'botolo, mukudziwa bwanji? Mwana uyu ndinamulera ndine. Ndinasiya sukulu kuti iye aphunzire. Ali ndi zofooka zake, ndi waulesi podzuka, amakonda atsikana osamukonda, koma kwa ine sananamepo."

"Ndangofunsa dzina la chakumwa," anatero alamu.

Amayi anaseka pang'ono pawindo paja. "Musiyeni mwana wanga, waonda kale ndi nkhaniyi. Bwera kuno, Mzime, undikande pamsana apa."

Anawakanda amayi pamsana, maso ali pa achemwali, pa mkono wawo umene unkapita ndi kubwera pa nsalu, pa imvi zoyamba zimene zinatuluka pamwamba pa khutu. Mawu anakwera mpaka pakhosi.

"Achemwali."

"Ee?"

Simbi inaima m'malere. Alamu anasiya mpeni. Nyumba yonse inakhala ngati yatchera khutu.

"Kolalayo musaiotche, ndi yopyapyala."

"Iwe, ndayamba lero kusita?"

Lachisanu kunacha kopanda mtambo. M'banki munali kuzizira kwa makina, anthu ali pa mzere ndi timapepala ta manambala m'manja. Mzime anamuona mtsikana uja atangolowa. Anakhala pa benchi pafupi ndi mlonda, ambulera yofiira ili pakati pa mawondo ngakhale kunja kunali dzuwa, pamiyendo pali mulu wa makope a ana. Ankachonga ndi cholembera chofiira. Sanadzutse mutu.

Anawaitanira pa desiki la pakona, lotchingidwa ndi galasi lofika m'chiuno, masitepe asanu okha kuchokera pa benchi ija. Mayi wa ku banki, wa zikhadabo zazitali zopaka utoto, anatulutsa fomu m'fayilo n'kuitembenuzira kwa achemwali.

"Muwerenge ndime yomalizayo, mayi, kenako musaine apa ndi apa. Mukasaina, ife tipereka nkhaniyi kupolisi lero lomwe."

Achemwali anapisa m'chikwama, kutulutsa mpango, makiyi, kabotolo ka mafuta, n'kudzimenya pachipumi. "Taonani ine. Mlongo wanga wodula magalasi, ine n'kuiwala anga pa firiji. Mzime, tandiwerengera. Mokweza, ndimve chimene ndikusainira."

Mzime anatenga pepalalo. Zilembo zinali zake zomwe, za Lolemba, zopendekera kumanja.

"Ine, mwini akaunti, ndikutsimikiza kuti zonse zalembedwa pamwambazi ndi zoona," anayamba. "Kuti khadi linatengedwa popanda chilolezo. Kuti ndalama zonse zinagwiritsidwa ntchito ndi munthu wina, osati ine kapena..."

"Kweza mawu, ukung'ung'udza chiyani?"

"Osati ine kapena m'bale wanga. Kuti munthu amene tikumukayikira ndi..."

Pa benchi paja cholembera chofiira chinaima. Mtsikanayo sanayang'ane kumbali kwawo. Anangokhala phee, maso pa kope la mwana wa eni, ngati munthu amene akudikira jakisoni.

"Ndi ndani? Wamezanso lilime?" Achemwali anali atachotsa kale chivindikiro cha cholembera.

Mzime anawerama ngati akufuna kumanga chingwe cha nsapato. Anatulutsa khadi m'sokosi, lofunda, lonyowa ndi thukuta, naliika pamwamba pa fomu.

Achemwali analiyang'ana. Mayi wa ku banki analiyang'ana.

"Walipeza kuti?"

"Silinabedwe, achemwali. Belu ndinaliza ndine."

"Belu lanji?"

Anafotokoza. Sanafotokoze bwino, ankayamba pakati n'kubwerera kumayambiriro, za kalata ya ukwati, za mpando umene anakwerapo, za madalaivala a matakisi, za baji ya mayi wa mwana, za takisi imene mtsikana anamulipirira. Mawu ake ankamveka mpaka pa mzere, ndipo bambo wina wa chipewa anatembenuka kuti amvetsere bwino. Achemwali sanamudule. Anabwezera chivindikiro pa cholembera, pang'onopang'ono, mpaka chinalira kuti tswa.

Mayi wa ku banki anakhosomola. Zotere anali ataziona kambiri. "Ndiye kuti dandaulo mukulichotsa. Ngongole ikhala pa dzina lanu, mayi, poti akaunti ndi yanu. Tingaigawe zaka ziwiri, ndi chiwongoladzanja." Anagogoda makina ake ndi chikhadabo, n'kutembenuza kuti aone nambala ya mwezi uliwonse. "Khadi silitsegulidwa mpaka mutafika theka."

Achemwali anasendeza nkhope pafupi, kutsinzina diso limodzi kuti aone. Milomo yawo inkayenda. Mzime anadziwa chimene ankawerengera: lendi, sukulu ya ana, mankhwala a amayi.

"Ndizilipira ine, achemwali. Malipiro anga onse muzitenga. Ndigulitsa foni, ndi..."

"Inu bambo, takhalani chete kaye," anatero achemwali, osamuyang'ana.

Chibadwire, achemwali anali asanamutchulepo kuti inu. Mzime anamva ngati am'tsekera chitseko ali panja.

"Patsala chimodzi," anatero mayi wa ku banki. "Munthu amene anasunga khadili ayenera kulemba umboni, dzina lake lenileni ndi chiphaso, kuti amene munamutchula uja timuchotse m'fayilo. Pepalalo silipita kupolisi, limatsala muno. Koma popanda ilo sinditseka nkhaniyi. Mungam'peze?"

Mzime analibe ufulu womuloza. Koma pa benchi paja makope anatsekedwa, ndipo mtsikanayo anabwera yekha, ambulera m'khwapa. Analandira pepala, kuliika pakona ya desiki, n'kulemba atatchinga ndi dzanja lamanzere ngati mwana wa sukulu pa mayeso. Chiphaso anapereka chozondotsa. Mayi wa ku banki anayerekeza ziwirizo, kubweza chiphaso, kudinda chidindo, fayilo n'kutseka.

Panja dzuwa linali lobaya m'maso. Achemwali anaima pa masitepe a banki, chikwama atachikumbatira pachifuwa. Mzime anaima kumbuyo kwawo, osadziwa ngati aloledwa kukwera nawo basi imodzi, osadziwa ngati madzulo ano kiyi wake atsegulabe chitseko chija. Mtsikanayo anawadutsa mwaulemu, akutsika.

"Mwanawe," achemwali anaitana.

Iye anaima.

"Takisi ija inali ndalama zingati?"

"Zisiyeni, mayi."

"Sindisiya. Za banki zandikulira, koma izi ndiye ndikwanitsa." Anatsegula kachikwama ka ndalama, kutulutsa zimene anasungira basi yobwerera, n'kumufumbatitsa. Dzanja lakelo sanalisiye msanga. "Dzulo ndinakutukwana m'nyumba mwanga, pamaso pa amayi anga. Ndinafunsa ngati uli ndi mayi. Ndiyenera kukawauza kuti ndinatukwana ndani. Dzina lako ndani?"

Mtsikanayo anayang'ana achemwali, kenako Mzime, amene anaweramitsa mutu msanga kuti asaoneke ngati akumvetsera. Basi inadutsa, utsi wake n'kuwaphimba onse atatu. Iye anasuntha makope kuchoka m'dzanja lina kupita m'dzanja lina.

"Awa asalilembe paliponse," anatero.

"Awa sagwiranso cholembera pa ine ndili moyo."

"Ndi lachikale, musaliseke." Anatsitsa mawu, koma osati kwambiri moti wa kumbuyo uja n'kulephera kumva. "Ndine Esinati."